Madzi Amene Kanyumbu Anataya

Kalekale, njira zathuzi zisanakule n'kusanduka misewu, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina, dzina lake Kanyumbu. Ayi, musandiyankhe kuti "tili tonse," si nthano iyi. Munthuyu anaponda pomwe mwakhalapo, ndipo manda ake ali kuseri kwa chulu chija mumaopa kutolako nkhuni. Iwe Lomosi, chotsa dzanja kumasoko. Ndakuona kuyambira masana ukutosatosa kasokera kako, anzakowa akukuseka kuti wasuzumira akazi kubafa. Nonsenu mwandipsetsa mtima, oseka ndi wosekedwa yemwe. Khalani pansi mumve.

Kanyumbu sanali mbadwa ya muno. Anali mkamwini, wochokera kutali kuseri kwa mapiri, ndipo ndikumutchula chonchi popanda ulemu chifukwa ndi mmene ankamutchulira. Mkamwini ulemu aupeza kuti? Anakwatira Mwatitha, mwana wa aNamwale, ndipo anabereka kamwana kamodzi kakakazi, Siyeni. Siyeni ameneyo ndiye gwero lathu tonse takhala pano, ine ndi inu nomwe.

Ntchito ya Kanyumbu inali zikopa. Wina akapha mbuzi, chikopa kwa Kanyumbu. Wina akakola gwape, chikopa kwa Kanyumbu. Ankachikhomera pansi ndi zikhomo, kuchipala, kukachiviika kumtsinje, n'kuchifufuta ndi manja mpaka chifewe. Ng'oma za muno ankakunga ndiye. Mivukuto ya osula makasu ankasoka ndiye. Koma manja akewo, ana inu, mukanawaona simukanadya. Mafuta, ubweya, timinofu towola m'zikhadabo, ntchentche zili ng'waa. Dzuwa likatentha, thukuta likamatsikira m'maso, iye ankangopukuta ndi manja omwewo n'kupitiriza ntchito. Siyeni ankakhala pambali pake tsiku lonse, akuseweretsa zikhomo, ndipo bambo wakeyo akamuyang'ana ankaiwala kuti ali kwa eni.

Tsono mumve za apongozi. Inu a masiku ano mumagwirana chanza ndi apongozi anu, kudya nawo mbale imodzi, mpaka kuwakweza panjinga. Kale kunalibe zimenezo. Mkamwini ndi amake a mkazi wake ankathawana. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire, wina n'kufunda nsalu kumutu. Mawu ankadutsira mwa munthu wina. Ambiri ankatsata mwambowu mwa apo ndi apo, diso limodzi likuba. Koma Kanyumbu anali munthu wa liuma, ndipo chimene wagwira wagwira. Chifikireni muno sanadzutsepo nkhope pamaso pa aNamwale. Chimene ankadziwa cha apongozi ake chinali phazi basi. Phazi lawo lamanzere linalibe chala chaching'ono, khasu linachidula akadali mtsikana. Akangoona phazi limenelo likubwera, iye zyoli, n'kulowa m'udzu.

Ankachitiranji zonsezi? Mantha. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mkamwini akathamangitsidwa amanyamula nkhwangwa yake ndi mkeka wake. Mwana sanyamula, mwana ndi wa kuchikazi. Kanyumbu ankadziwa kuti tsiku limene adzalakwe muno ndi tsiku limene adzamuone Siyeni komaliza.

Chaka china, nthawi yopalira, kasokera kanamumera m'mphepete mwa chikope cha kumanzere, kofiira, koyabwa, kopweteka akaphethira. Kanakhala, kanaphwa. Posakhalitsa kanamera kena pomwepo. Nako kanaphwa. Kenako chinabwera chisokera chenicheni, chachikulu ngati nzama, mpaka diso linayamba kutsinzina lokha.

Muno anthu ankati chotupa chotere chimamera pa diso limene laona umaliseche wa munthu wosayenera kumuona. Mankhwala akenso anali odziwika. Munthu amene unamuona uja ankakutumizira madzi kuti usambe kumaso, ndipo ukalandira madziwo ndiye kuti wavomera mlandu. Mwamva bwino pamenepa? Ukalandira, wavomera.

Tsiku lina kunali dima m'munda mwa aKamphinda. AKamphindawa anali mlongo wa aNamwale, mwini mbumba, munthu wokonda mowa ndi nthabwala, wa pakamwa posatseka. Anthu atamaliza kupalira anakhala pamthunzi, chipanda chikuzungulira. Kanyumbu anakhala kumapeto, atawerama.

"Akamwini, tadzutsani nkhope," anatero aKamphinda. "Aa, chakula chotere? Kodi munaona chiyani chachikulu chonchi?"

Anthu anafa nalo phwete. Kanyumbu nayenso anayesa kumwetulira, poti mkamwini akamasekedwa amasekera limodzi. Zikanathera pomwepo. Koma mayi wina, mowa utamufika m'mutu, anati, "Ine dzana ndinawaona akutsika ndi zikopa kumunsi kwa dooko lathu losambira. M'madzimo munali aNamwale."

Kuseka kunatha. Kusuzumira mkazi wa mwini unali mlandu wa mbuzi, koma kusuzumira apongozi unali mlandu wa nkhwangwa ndi mkeka.

"Kumtsinje ndinapitadi, atsibweni," anatero Kanyumbu. "Zikopa ndimaviika kumeneko masiku onse. Koma pakati pa ine ndi dooko pali bango. Sindinaone munthu."

"Nanga disolo likunama?" anafunsa aKamphinda.

Iwo eni sankafuna kuti zifike pamenepo, koma mawu anali atatuluka pagulu, ndipo mwini mbumba sakanawameza. Anagamula kuti ankhoswe aitanidwe, adzafike mwezi ukaoneka. Chotupacho chikadzakhala chitaphwa chokha, nkhani idzatha. Chikadzapezeka chilipo, diso lidzakhala mboni.

Mmawa mwake Kanyumbu ali pakhonde, anaona mkazi wake akuchokera kunyumba kwa amake, atanyamula kamphika ndi manja awiri. M'kamphikamo munkatuluka nthunzi. Akazi amene ankasinja analeka kusinja. Amuna amene ankapita kumunda anaima, makasu ali paphewa. Mwatitha anagwada n'kuika kamphikako pamapazi a mwamuna wake.

"Amayi akuti muyambe mwasamba m'manja ndi phulusa, mpaka m'zikhadabo," anatero motsitsa mawu. "Kenako muviike kansanza koyeraka m'madzi ofundawa, mufinye, mugwirize pachikopepo mpaka kazizire. Muzitero m'mawa, masana ndi madzulo. Akuti chiphulika chokha, musachikhudze. Ife tonse anatilera chomwecho."

Kanyumbu anayang'ana kamphikako. Anayang'ana anthu aja. Aliyense ankadikira kuti aone ngati dzanja lake lilowe m'madzimo.

"Amake Siyeni," anatero, "inuyo mukuti bwanji? Ndinawaona amayi anu?"

Mwatitha anayang'ana pansi. Kenako anati, "Ine kudooko kunalibe."

Mawu amenewo anamulasa kuposa kuseka konse kwa padima. Mkazi amene ankagona naye mkeka umodzi, nayenso akukayika. Mtima unamuwawa, ndipo ukali unakwera pamwamba pa chisonicho. Ananyamula kamphika kaja, anayenda nako mpaka pakati pa bwalo, n'kukhuthula madzi onse pansi, anthu akuona. Nthunzi inakwera pang'ono, dothi linamwa madziwo.

"Mukawauze kuti sindinawaone," anatero. "Madzi awo sindisamba."

Kodi analakwa? Ndikufunsa inu. Akanalandira, mudzi ukanati wavomera. Atakana, mudzi unati wanyoza apongozi pamaso pa anthu, ndipo mlandu unakhala pawiri. ANamwale anali atamuona kwa nthawi yaitali, ali kuseri kwa nkhokwe yawo, akupukuta maso ndi manja a zikopa, ndipo ankadziwa kumene chotupacho chinkachokera. Madzi awo sanali a mlandu, anali a mankhwala. Koma ndani akanasiyanitsa? Kamphika ndi kamphika. Iwo sakanabwera kudzafotokoza okha, iye sakanapita kukafunsa. Nyumba zawo zinali zoyang'anizana, tambala wa uku ankadya ndi nkhuku za uko, koma anthu awiriwa sakanalankhulana. Paja madzi akatayika sawoleka.

Masiku anayamba kuthamanga. Kanyumbu ankadzuka n'kukasuzumira mumtsuko kuti adzione, ndipo chinthu chija chinali pomwepo, chitachita kamutu koyera. Ankachitikita kuti mwina chiphwe, ndi manja omwe aja, ndipo chinkangokwiyirakwiyira. Chakudya chinaleka kulowa. Anthu analeka kumubweretsera zikopa. Akamadutsa, akazi ankakokera nsalu zawo m'mwamba, ana ankamuimba nyimbo. Mwatitha ankaphika, ankatunga, ankasesa, koma mawu anamuthera. Siyeni yekha ndiye ankabwerabe kudzakhala pamwendo pake, n'kumaloza ndi kachala, amvekere, "Atate, chapweteka?"

Madzulo ena mwezi unaoneka, kachidutswa kopyapyala kumadzulo. Uthenga unafika woti ankhoswe ali m'njira, agona pamudzi wa kutsidya, afika posachedwa.

Kutacha Kanyumbu anapita kuseri kwa khola, kumene ankayanika zikopa. Anakhala pansi. Anaganiza za njira ya kwawo, yaitali, yokwera mapiri, iye yekha ndi nkhwangwa paphewa. Anaganiza za Siyeni akukula, akutha msinkhu, akuitana munthu wina kuti atate. Ndiye anati mumtima mwake, ngati mboni ndi chotupachi, mboniyo ndiichotsa ndekha.

Anathyola munga wa mthethe, womwe ankaboolera zikopa zofewa. Sanautsuke, sanauwambe pamoto. Anakoka chikope ndi zala za kumanzere, n'kubaya. Munga unapitirira. Ululu wake anaumvera mpaka m'mano, koma sanalire. Anafinya, anafinyanso, mafinya ndi magazi zikutsikira patsaya, mpaka chotupacho chinaphwa. Anapukuta ndi kachikopa kamene kanali pafupi, n'kubwerera kunyumba akuganiza kuti wapulumuka.

Lomosi, ukumva? Dzanja lako lili kuti?

Pofika madzulo chikope chonse chinali chitatupa. Kutacha, tsaya ndi mphumi zinatupira limodzi, diso losaonekanso kuti linali pati. Thupi linatentha ngati phale la pamoto. Ankanjenjemera dzuwa lili pamutu, ankabwebweta, ankaitana amake amene anamwalira kalekale. Mwatitha analira, ndipo pamenepo m'pamene anayamba kunena kuti, "Ndikudziwa simunawaone, ndikudziwa." Koma mwamuna wake sankamva.

Ankhoswe anafika n'kupeza zili chomwecho. Anadikira mpaka kutentha thupi kutatsikako pang'ono, kenako anati mlandu ndi mlandu, munthuyo atuluke. Anamugwirizira uku ndi uku, n'kumukhazika pakhonde atatsamira chipupa. Mudzi wonse unasonkhana. AKamphinda anakhala pampando wawo, koma nthabwala zinali zitawathera. Wina anali ataika kale nkhwangwa ya Kanyumbu ndi mkeka wake pafupi ndi khomo.

Nkhoswe ya kuchimuna isanatsegule pakamwa, anthu anayamba kupatuka kumbuyo. Panadutsa mayi wina wachikulire, wamfupi, wa imvi, mutu uli pamtunda osafunda kanthu, atanyamula kamphika kotuluka nthunzi. Sanapereke moni kwa aliyense. Anayenda molunjika mpaka pakhonde, anagwada pamaso pa wodwalayo, n'kumuyang'ana m'maso.

Kanyumbu anatsegula diso lake lamanja, lotsalalo. Anamuyang'ana mayiyo bwinobwino, kuyambira imvi mpaka chibwano. Kenako anawomba m'manja mofooka, mwaulemu, monga tichitira ndi mlendo.

"Zikomo, mayi," anatero. "Kodi ndinu asing'anga? Mwachokera mudzi uti?"

Mwatitha anagwira pakamwa.

"Akamwini," anatero aKamphinda, "simukuwadziwa amenewa?"

"Ndiwadziwira kuti, atsibweni? Sindinawaonepo."

Munthu wotentha thupi chotero alibe nzeru zopekera bodza, ndipo aliyense pamenepo anadziwa zimenezo. Kanyumbu anadabwa kuona onse akumuyang'anitsitsa, ndipo mwa chizolowezi chake anagwetsa nkhope pansi. Pamenepo ndi pomwe analiona phazi. Phazi lamanzere, lopanda chala chaching'ono.

Anabuula. Anaphimba nkhope ndi mkono, n'kuyamba kukwawa kuti athawire kuseri kwa nyumba, munthu wosatha n'kuima komwe. Koma aNamwale anamugwira padzanja, dzanja lomwe lija la zikopa, n'kumukhazika pansi.

"Khalani, mwananga," anatero. "Tathawana mokwanira. Ine ndinadziwa kuti simunandione. Ndinadziwanso chimene chinkakudwalitsani. Ndikanabwera ndekha tsiku lija, koma ndinaopa pakamwa pa anthu, ndinatuma mkazi wanu. Taonani tsono."

Anamusambitsa m'manja iwo eni, chala chimodzichimodzi, mpaka m'zikhadabo. Anataya madziwo, anathira ena, anaviika kansanza, n'kukagwiriza pankhope yotupayo. Misozi inkatsika m'masaya mwawo. Ankhoswe anayang'anana, anatola ndodo zawo. Mayi uja wa padima anazemba osatsanzika. AKamphinda ananyamuka, anatola nkhwangwa ndi mkeka zija, n'kuzilowetsa m'nyumba ndi manja awo.

Mlandu unatha. Koma musayembekeze kuti ndikuuzani kuti diso linachira. ANamwale anabwera tsiku ndi tsiku, m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo moyo wake anaupulumutsa. Kutupa kunatsika pang'onopang'ono. Chikope chitatseguka, diso linali litayera, litafota, lakufa. Madzi amene akanamuchiza ndi aja anawakhuthula pabwalo.

Anakhala muno, inde. Palibe anamutchulanso za nkhwangwa ndi mkeka. Koma ndi diso limodzi mpeni unkaphonya, zikopa zinkabooka, ndipo ng'oma anthu anayamba kukakungitsa kutsidya. Ndi aKamphinda sanamwerenso chipanda chimodzi. Chowawa kwambiri chinali ichi. Tsiku limene anachotsa kansanza kumaso, anaitana Siyeni kuti abwere pamwendo. Mwanayo anayang'ana nkhopeyo, anakuwa, n'kuthawira kumbuyo kwa amake. Mvula inagwa, chimanga chinacha, anthu anakolola, mwana akumuzembabe bambo wake. Kanyumbu ankakhala kuseri kwa khola yekhayekha, akumumva akusewera kutali. Anali atapereka diso kuti asasiyane ndi mwanayo, ndipo disolo ndi limene linkathamangitsa mwanayo.

Siyeni anadzazolowera, poti mwana ndi mwana. Kanyumbu atakalamba, diso linalo litachita mdima, Siyeni yemweyo ndiye ankamugwira dzanja popita kumunda. Ndipo Siyeni ndiye anaika lamulo limene tikusunga mpaka lero. Iye sankafuna kumva munthu akuseka sokera. Ankati manyazi anapha lambe, ndipo atate ake manyazi anawadyera diso.

N'chifukwa chake m'banja muno mwana akatuluka kasokera sitimufunsa kuti waona chiyani. Timamufunsa kuti wagwira chiyani. Wachokera kukhola, wachokera kumunda, wasenda mbewa, asambe m'manja ndi sopo asanafike nawo kumaso. Kansalu kopukutira kumaso aliyense kake, sitibwerekana. Kakamera, timafunditsa madzi, osati owira, ofunda oti chigongono chipirire, n'kumagwiriza ndi kansalu koyera kangapo patsiku mpaka kaphulike kokha. Sitifinya. Sitibaya, kaya ndi munga, kaya ndi singano, kaya ndi chikhadabo. Kakakana kuphwa, kapena chikope chonse chikatupa, kapena diso likayamba kuona mwachimbuuzi, timanyamuka kupita kuchipatala, poti inu muli nacho chimene Kanyumbu analibe.

Ndipo pali lamulo lina, limene anasiya aNamwale. Muno madzi ofunda satumidwa. Wawafunditsa amapita nawo yekha, kaya kwa mkamwini, kaya kwa mtengwa, kaya kwa munthu amene sayankhulana naye, n'kukanena ndi pakamwa pake chimene wadzera. Ndipo amene wabweretseredwa madziwo sawabweza.

Inu mumaseka aja, mawa podutsa pachulu paja mukayang'ane bwino, mukaone manda a munthu amene anasekedwa monga mumamusekera mnzanuyu. Lomosi, ketulo ija ndinaitereka ndisanayambe kulankhula, ndipo madzi afunda. Khala pomwepo, ndibwera nawo ndekha.